Ku Canada pa galimoto ya nambala ya Indiana

Loweruka, 2 Ogasiti 2025, Windsor

Tanyamuka ku South Bend kusanache, ine ndi alamu anga, amuna a achemwali. Iwo ndi mzungu wobadwira ku Indiana konko, galimoto ndi yawo, ine ntchito yanga ndi kuwalandira chiwongolero akatopa. Tikupita ku Sherbrooke, m'chigawo cha Quebec, kukasiya katundu kwa mwana wa achimwene amene akuphunzira kumeneko: ufa, mapoto, bulangete, ndi jekete la chisanu limene achemwali aumirira kuti lipite ngakhale panopa kukutentha.

Alamu akhala akudandaula sabata yonse. Anamva mphekesera zoti galimoto za nambala ya ku America zikumakandidwa kuno chifukwa cha mkangano wa misonkho pakati pa mayiko awiriwa, mpaka anagula kasitika ka tsamba lofiira la pa mbendera ya Canada kuti amate kumbuyo. Achemwali anawakaniza. Akuti limenelo ndi bodza, ndipo bodza lomata pafupi ndi nambala yolembedwa Indiana ndi loseketsa. Kasitikako kali m'kabati ya kutsogolo.

Mantha anga ndi ena. Ndili ndi pasipoti ya Malawi ndi green card, chiphaso chokhalira m'America mokhazikika. Kulowa m'Canada ndi ziwirizi sikufuna visa, koma chaka chino aliyense wa green card akutuluka m'America mtima uli m'mwamba, poganiza za pobwerera.

Tadutsa Kalamazoo, Ann Arbor, kenako Detroit, n'kulowa mu msewu wapansi pa mtsinje umene anautsegula mu 1930. Ndi wopapatiza, wonunkha utsi wa galimoto, ndipo pakati pake pali mbendera ziwiri pakhoma zosonyeza malire. Ofesala wa ku Canada anali mtsikana wosaseka. Mukupita kuti, mukakhala nthawi yaitali bwanji, mwatenga mowa, mwatenga mfuti? Za mfutizo anafunsa kawiri, akuyang'ana alamu. Thumba la ufa analiyang'ana, ndinamufotokozera kuti ndi chimanga chogaya, anangogwedeza mutu n'kutibwezera mapasipoti. Basi, talowa.

Motelo yatidya madola 139 a kuno, kuonjeza msonkho wa 13 peresenti umene salemba pa mtengo. Chotipepesa n'chakuti dola ya America ikusintha pafupifupi 1.37. Alamu aimika galimoto chafutambuyo kuti nambala iyang'ane kukhoma. Ku Indiana nambala imakhala kumbuyo kokha, ndiye akuti kutsogolo palibe chotiulula. Ndawasiya.

Lamulungu, 3 Ogasiti, Windsor

M'mawa tinayenda m'mbali mwa mtsinje. Nyumba zitalizitali za Detroit zili pafupi kwambiri moti umatha kuwerenga zolembedwa pamwamba pake. Chodabwitsa n'chakuti pamalo ano Canada ali kummwera, America kumpoto. Chakumunsi kwa mlatho wakale wa Ambassador kuli mlatho watsopano wa Gordie Howe, sanautsegule, ndipo ndalama zomangira anatulutsa ndi Canada.

Tinapeza bambo wina wachikulire akuwedza. Anayamba yekha kucheza, za nsomba, za kutentha, kenako anamva kalankhulidwe ka alamu n'kufunsa kumene tachokera. Alamu anayankha ngati munthu woulula tchimo. Bamboyo anangoti takulandirani, n'kupitiriza kukonza nyambo.

Nkhani inadzatuluka yokha. Iwo anapuma ntchito ku fakitale ya galimoto, mwana wawo ali ku fakitale ya galimoto ya Stellantis, imene inaima masabata awiri mu Epulo Trump, pulezidenti wa America, atangoika msonkho wa 25 peresenti pa galimoto zochokera kunja. Anatifotokozera kuti chitsulo chimodzi cha injini chimatha kuwoloka mtsinjewu kangapo galimoto isanathe kupangidwa, ndiye kunena kuti iyi ndi ya Canada, iyi ndi ya America, n'kusadziwa ntchitoyo. Dzana lomweli, pa 1 Ogasiti, msonkho wa katundu amene sali mu pangano la malonda la mayiko atatu, Canada, America ndi Mexico, wakwera kuchoka pa 25 kufika pa 35 peresenti.

Moyo wawo wonse akhala akuwoloka kukaonera mpira wa baseball wa Detroit Tigers, kukagula nsapato, kukadya. Chiyambire Febuluwale sanapondeko.

"Pepani kwambiri ndi zonsezi," anatero alamu.

"Inu simunandilakwire," anayankha bamboyo. "Koma sindibwera kwanu. Osati panopa."

Analankhula mosakweza mawu, ndipo potsazikana anatigwira chanza n'kutiuza malo odyera nsomba abwino. Ndinaona kuti alamu anali atakonzeka kufunsidwa kuti anavotera ndani. Funsolo silinabwere.

Basi ya mzindawu imene imadutsa pansi pa mtsinje kupita ku Detroit isiya kuyenda kumapeto kwa mwezi uno. Meya Drew Dilkens anakana kuiikira ndalama, ndipo pa zifukwa zake anatchulapo za misonkho yomweyi. Koma anamwino ambiri a kuno amawoloka tsiku ndi tsiku kukagwira ntchito m'zipatala za ku Detroit. Ine pokhala wosamalira okalamba, ndinawaganizira: m'mawa kusambitsa odwala a dziko limene mtsogoleri wake akuti dziko lako lisakhaleko, madzulo kubwerera kwanu.

Pafupi ndi mtsinje pali chipilala chokumbukira akapolo amene ankathawa ku America kuwolokera kuno. Ukapolo unatha m'madera a Britain pa 1 Ogasiti 1834, pamene ku America unapitirira mpaka 1865. Ndinaimapo kanthawi. Alamu anapita kukafuna khofi.

Lolemba, 4 Ogasiti, msewu wa 401

Lero ndi holide kuno ku Ontario, ndipo kumwamba kwada ndi utsi. Nkhalango zikupsa ku Manitoba ndi Saskatchewan, kutali kwambiri, koma dzuwa likuoneka lofiirira ndipo kukhosi kukukanda. Msewu ndi wosalala, wowongoka, minda ya chimanga ndi soya mbali zonse, tulo tokhatokha. Zikwangwani zili m'makilomita, mafuta akugulitsa pa lita. Ine ndamasuka, alamu ndiye akuvutika ndi masamu. Lita tagula pa dola imodzi ndi masenti 35. Atawerengetsa m'magaloni anapeza kuti kuno n'kodula ndithu kuposa kwawo.

Pamalo opumira apaulendo tinakhala tebulo limodzi ndi dalaivala wa thiraki wa ku Alberta. Uyu anali wosiyana. Akuti Trump ndi wamwano, inde, koma vuto lenileni lili ku Ottawa, likulu la Canada, kumene kwa zaka zambiri akhala akutsekereza mapaipi a mafuta mpaka dziko latsala ndi kasitomala mmodzi. Pa katundu yense amene Canada amagulitsa kunja, pafupifupi magawo atatu mwa anayi amapita ku America. Iye anavotera chipani chotsutsa cha Pierre Poilievre pa chisankho cha pa 28 Epulo, ndipo mpaka lero sakumvetsa kuti chipani chimene chinali patsogolo kwambiri mu Januwale chinaluza bwanji, mtsogoleri wake n'kutaya ngakhale mpando wake womwe. Kenako anadziyankha yekha: Trump ndiye anapatsa Mark Carney, amene anapambana chisankhocho, ufumu.

Ndinamufunsa ngati angakonde kuti Canada akhale chigawo cha nambala 51 cha America. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Ayi, anatero. Kukwiyira Ottawa ndi nkhani ya m'banja.

Za utsiwu anatiuzanso zoseketsa zomvetsa chisoni. Mwezi watha aphungu ena a ku Wisconsin ndi Minnesota analembera kalata kazembe wa Canada kudandaula kuti utsi ukuwasokonezera nyengo yosangalala panja, pamene ku Manitoba anthu masauzande anali atathawa m'nyumba zawo. Ndipo mu Januwale ndege za ku Quebec zinali ku Los Angeles kuzimitsa moto. Alamu anangoyang'ana m'kapu.

Pofika ku Toronto mzere wa galimoto unali wosaneneka, aliyense akuchokera kunyanja. Tafika kwa msuweni wanga ku Scarborough usiku, tapeza nsima ndi nkhuku ndi mpiru. Alamu adya mitanda itatu ndi manja. Achemwali anawaphunzitsa bwino.

Lachiwiri, 5 Ogasiti, Toronto

Msuweni ananditenga kokagula zakudya, ndipo ndi m'sitolo mmene ndaona mkwiyo wa anthu a kuno ndi maso. Pankhope sauonetsa. Uli pa shelefu.

Pa mitengo ya zinthu amata timasamba tofiira kusonyeza za ku Canada. Masitolo a Loblaw amaika chilembo T pa zinthu zimene zakwera chifukwa cha misonkho. Anthu akutembenuza paketi iliyonse kuwerenga kumene yachokera. Mayi wina patsogolo pathu ananyamula kabokosi ka zipatso, anawerenga, n'kukabweza mwakachetechete, kenako anatenga kena kodulirapo. Msuweni akuti m'miyezi ya Malichi ndi Epulo anthu ena ankasiya zinthu za ku America chadodolido pa shelefu kuti wobwera pambuyo asavutike kuwerenga. Iye mwini, amene unzika anaupeza posachedwapa, wasiya kugula juwisi wa malalanje wa ku Florida. Anandiphunzitsanso kuti zolembedwa pa paketi zili mitundu iwiri: china chimatanthauza kuti pafupifupi zonse zam'katimo n'zolimidwa kuno, china chimangotanthauza kuti anamalizira kupangira kuno. Wakhala katswiri. Mwayi wake mwezi uno ndi wa zokolola, mapichesi a ku Niagara, tomato wa ku Leamington, chimanga chachiwisi, zonse zili mbwee. Mayeso enieni ndi mu Januwale, pamene ndiwo zamasamba zambiri zimachokera kummwera.

Alamu anafuna kugulira apongozi a msuweni botolo la bourbon, mowa wa ku Kentucky. Kuno mowa waukali umagulitsidwa makamaka m'masitolo a boma la chigawo, a LCBO, ndipo pa 4 Malichi Doug Ford, mkulu wa boma la Ontario, analamula kuti mowa wonse wa ku America uchotsedwe. Mwiniwake ananena kuti unkagulidwa wa ndalama pafupifupi biliyoni imodzi pachaka. Mnyamata wa m'sitolo anawauza mwaulemu kuti kulibe, n'kuwalondolera ku wisiki wa ku Canada, n'kuwathandiza kusankha bwinobwino. Atamva kuti ndi a ku Indiana anawafunsa za mpikisano wa galimoto wa ku Indianapolis, anacheza mpaka mzere unayamba kutalika.

Madzulo foni yanga inayamba kulira osalekeza. Magulu onse a WhatsApp nkhani ndi imodzi: boma la America lalengeza kuti kuyambira pa 20 Ogasiti, Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna visa yokacheza kapena ya bizinesi azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Mayiko awiri okha pa dziko lonse, ndipo ndi ifeyo. Tinali titakonza zoti amayi abwere ku South Bend chaka chamawa adzaone adzukulu. Ndinawerengera alamu uthengawo. Tsiku lonse akhala akupepesa anthu osawadziwa, koma apa anasowa chonena. Anangotuluka kukaimbira achemwali.

Sindinagone bwino.

Lachitatu, 6 Ogasiti, Toronto

Tsiku lopuma. Ndachapa, ndagona masana.

Usiku tinapita pa bala ina yapafupi kukaonera Blue Jays, timu yokhayo ya ku Canada mu ligi yaikulu ya baseball, ndipo chaka chino ikuchita bwino. Pa kauntala panali azibambo awiri a ku Ohio, abwera ku msonkhano wa ntchito. Mowa utawalowa, mmodzi anakweza tambula n'kunena mokweza kuti tiyeni timwere chigawo cha 51. Ankaseka, ndipo ndikukhulupirira kuti kwa iye inali nthabwala chabe.

Palibe anamukalipira. Palibenso anaseka. Anthu anangotembenukira ku TV. Mayi wogulitsa anamuuza, mawu ake ali pansipansi, kuti nthabwala imeneyo kuno siseketsa, n'kumufunsa ngati akufuna bilu. Bamboyo anafiira mpaka m'makutu. Mnzake analipira, anatuluka.

Bambo amene anakhala pafupi nane anandifotokozera kuti misonkho anthu akhoza kuipirira, mikangano ya matabwa ndi mkaka yakhalapo zaka zambiri. Chimene chinawalasa ndi kumva mtsogoleri wa dziko la anthu 340 miliyoni akubwereza kuti malire ndi mzere wongojambula, akutchula Justin Trudeau, amene panthawiyo anali nduna yaikulu ya Canada, kuti bwanamkubwa wa chigawo, pamene iwo alipo 41 miliyoni okha. Ndiye chifukwa chake mu Febuluwale anthu ankakuwiza nyimbo ya fuko la America pa masewero a hockey, chinthu chimene iye akuti anachita nacho manyazi koma anachimvetsa. Pa masewero a Canada ndi America ku Montreal pa 15 Febuluwale panabuka ndewu zitatu m'masekondi 9 oyambirira. Canada atapambana 3-2 pa fainolo ku Boston, akuti analira ngati mwana.

Alamu sanatsegule pakamwa mpaka tinatuluka. Ali panja anati, anthu ngati amene aja ndi amene amatipweteketsa. Ndinawauza kuti alamu, inunso chepetsani kupepesa, mukuwapatsa anthu ntchito yoti azikutonthozani.

Lachinayi, 7 Ogasiti, Gananoque

Kuchokera ku Toronto mpaka ku Trenton msewu wa 401 uli ndi zikwangwani za maluwa ofiira. Chigawo chimenechi amachitcha Highway of Heroes, chifukwa ndi mmene munkadutsa mitembo ya asilikali ofera ku Afghanistan, kuchokera pa bwalo la ndege la asilikali ku Trenton kupita ku Toronto. Anthu ankaima pa milatho ndi mbendera, ngakhale m'chisanu.

Titadutsa Kingston tayala lakumbuyo linaphwa. Tinapatukira pa kamsewu kakumudzi, dzuwa lili paliwombo, ndipo nati imodzi inakana kumasuka. Sipanala ya m'galimoto ndi kachidole. Alamu anaikwera ndi phazi, ine ndinaikwera, osatheka. Kunena zoona ndinayamba kuopa: munthu wakuda ndi mzungu wa ku America, nambala ili poyera, nyumba yapafupi ili ndi mbendera yaikulu ya Canada ndi chikwangwani chonena kuti dziko lino silogulitsa.

M'nyumba momwemo ndi mmene munatuluka thandizo. Bambo wa ndevu zaimvi anabwera ndi sipanala yaitali ndi jeke yeniyeni, mkazi wake akutsatira ndi madzi ozizira. Nati inamasuka kamodzi n'kamodzi. Anayang'ana tayala lapadera n'kunena kuti silingatifikitse ku Quebec, anaimbira mnzake wa galaja ku Gananoque kuti atidikire asanatseke. Alamu anatulutsa ndalama, bamboyo anakana ngati wanyozedwa.

Ndiye alamu anapepesa, monga mwa masiku onse. Mayi uja ndi amene anayankha.

"Musapepese kwa ine, bambo. Ine ndilibe voti kwanu. Mukauze phungu wanu."

Kenako anafewa. Anatiuza kuti mwana wa mchimwene wake anapita ku nkhondo ku Kandahar, m'dziko la Afghanistan, anabwerako wamoyo koma si munthu yemwe uja. Asilikali 158 a ku Canada anafera ku Afghanistan, pa nkhondo imene analowa chifukwa America anaukiridwa. Pa 11 Sepitembala 2001 tauni yaing'ono ya Gander, ku Newfoundland, inalandira ndege 38 ndi anthu oposa 6,000 amene sakanatha kutera kwawo, n'kuwadyetsa, kuwagoneka. "Ndiye lero tikumva kuti ndife odyera masuku pamutu," anatero. Iwo ankapita ku Florida chaka chilichonse kuthawa chisanu. Chaka chino asintha, akuganiza za Portugal. Si okha. Ziwerengero za boma la kuno zikusonyeza kuti maulendo a pagalimoto opita ku America atsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu poyerekeza ndi chaka chatha. Ena akukana dala, ena akuopa, makamaka chimvereni za mayi wa ku Canada amene anasungidwa m'ndende za olowa ndi otuluka pafupifupi masabata awiri mu Malichi chifukwa cha nkhani ya visa.

Potsazika anatipatsa tomato wa m'dimba mwawo m'kapepala.

Kumata tayala madola 40. Tagona ku Gananoque, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa St. Lawrence imene imadya za alendo odzaona tizilumba. Mwini malo ogona anatilandira ndi manja awiri. Akuti a ku America ambiri akumayamba aimba foni kufunsa ngati alandiridwa, ndipo iye amawauza kuti bwerani, bola ndale muzisiye pa mlatho. Ndinamumvetsa. Nyengo yake yopezera ndalama ndi miyezi yochepa, chisanu chikabwera kulibe munthu.

Lachisanu, 8 Ogasiti, Sherbrooke

Ukangolowa m'Quebec zikwangwani zonse ndi Chifalansa, ndipo mafuta akwera. Montreal tangoilambalala, misewu yake ikukonzedwa paliponse, tinasochera pang'ono tisanapeze msewu wa 10. Masana tinadya poutine: tchipisi chothira msuzi ndi zibulumwa za tchizi, madola 13. Chimakhutitsa, koma pambuyo pake chiwongolero chimalemera.

Mwana wa achimwene anatidikira panja pa nyumba. Wakula, wawonda pang'ono. Atawona ufa anavina. Tinamupikulira katundu, anatiphikira tiyi, n'kuyamba kufunsa za aliyense kumudzi ngati kuti ife tachokera ku Malawi dzulo.

Anationetsa pa foni kanema wotsatsa malonda amene a zokopa alendo a dera lino anatulutsa chaka chino. Mlendo afika pa hotela, anena mwamanyazi kuti ndi wa ku America, wolandira alendo atuluka kuseri kwa kauntala n'kumukumbatira. Alamu anaseka mpaka misozi, akuti ameneyo ndi iwo. Kumbatiro lenileni sitinalione, koma mayi wa pa motelo anasiya Chifalansa n'kuyamba Chingerezi alamu asanamalize moni wawo wopotoka.

Mtsikanayu ankafuna kudzadya Khirisimasi ku South Bend. Anali atayamba kusunga ndalama ya visa. Wandifunsa kuti, "Angoni, nanga chikole chija ndichitenga kuti?" Amanditcha choncho kuyambira ali wamng'ono. Ndamuuza kuti Khirisimasi tibwera ndife.

Loweruka, 9 Ogasiti, Stanstead

Kuchokera ku Sherbrooke ndi ulendo wosakwana ola pa msewu wa 55. Stanstead ndi Derby Line ya ku Vermont kwenikweni ndi mudzi umodzi, madzi akumwa amagawana. Pali msewu wina, Canusa, umene nyumba za mbali imodzi zili ku Canada, za mbali inayo ku America. Ndinakumbuka pa Lizulu, pamene umagula mbatata tsidya lina la M1 uli ku Mozambique osadziwa. Kusiyana kwake, kuno ukawoloka kukapereka moni kwa mnansi osakaonekera kwa ofesala, wapalamula.

Chimene tinadzera ndi laibulale ya Haskell. Mayi Martha Stewart Haskell anaimanga dala pamalire penipeni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuti ikhale ya anthu a mbali zonse. Pansi pali mzere wakuda wodutsa m'chipinda chowerengera. Mabuku ambiri ali ku Canada, khomo lalikulu lili ku America. Pamwamba pali holo ya zisudzo, nsanja ili ku Canada, mipando yambiri ku America. Kwa zaka zoposa 100 anthu a ku Stanstead ankangoyenda m'mbali mwa nyumbayo n'kulowa pakhomo lalikulu opanda pasipoti, bola atuluke n'kubwerera kumene achokera. Mabanja olekanitsidwa ndi ma visa, monga a ku Iran pambuyo pa chiletso cha 2017, ankakumana muno.

Kumapeto kwa Januwale Kristi Noem, amene panthawiyo anali nduna ya za chitetezo cha m'dziko ku America, anabwera muno n'kumalumpha mzerewo uku akutchula mbali ya Canada kuti chigawo cha 51. Mu Malichi boma la America linalengeza kuti a ku Canada asiye kulowera khomo lalikulu. Amene ali ndi khadi la laibulale awalola mpaka pa 1 Okutobala, ena tonse tilowere kakhomo kakumbuyo, mbali ya Canada. Anthu a mayiko onse awiri anasonkha ndalama zokonzera khomolo.

Ndiye tinalowera kumbuyo tonse atatu, alamu omwe, chifukwa nawonso lero achokera ku Canada. Mayi wodzipereka amene amaonetsa alendo anali wa ku Vermont, mnzake pa desiki wa ku Quebec, akhala akugwira limodzi zaka zambiri. Wa ku Vermont uja ndi amene anali wokwiya kwambiri pa anthu onse amene takumana nawo sabata ino. Wa ku Quebec ankangomugwira paphewa.

Mwana wa achimwene anaima pa mzere, kenako anaponda tsidya linalo mosamala, n'kunena kuti, "Ndafika ku America, osalipira chikole." Tinaseka, anajambulitsa, anatumiza kwa bambo ake ku Ntcheu. Ine kusekako kunandithera msanga. Pawindo ndinkaona galimoto ya olondera malire itaima panja.

Madzulo tinakangana pang'ono za njira yobwerera. Alamu akufuna tibwerere momwe tinadzera, akuti kuno ayamba kukukonda ndipo dola yawo ikugula zambiri. Ine ndikufuna tiwoloke pompano, nkhani ya chipata ndithane nayo. Ndapambana ine.

Lamulungu, 10 Ogasiti, Vermont

Usiku ndinayang'ana mapepala anga kangapo. Ndinafufutanso mauthenga ena a m'magulu a WhatsApp, amene anthu analankhula zakukhosi za chikole chija. Si ine ndinalemba, komabe.

Pa chipata cha Derby Line, pamene msewu wa 55 umasanduka I-91, panali galimoto zochepa kwambiri, ndipo za nambala ya Quebec zinali zowerengeka. Ofesala anatenga pasipoti ya alamu, kenako yanga ndi green card. Anandifunsa kumene ndimagwira ntchito, chimene ndinakachita ku Canada, ndiponso ubale wanga ndi mwini galimoto. Anafunsa ngati tatenga zipatso kapena ndiwo zamasamba. Tomato wa mayi wa ku Gananoque uja tinali titamusiyira mwana, mwayi wake. Anayang'ana pa kompyuta nthawi imene kwa ine inali yaitali, n'kutiuza kuti tizipita. Manja anga anali akunjenjemera mpaka pa filing'i siteshoni yoyamba.

Mbali ino nkhani ndi yotembenuza. Pa zitseko za masitolo pali mbendera za Canada ndi mawu a Chifalansa olandira alendo. Ku Burlington khonsolo inasintha dzina la msewu wawo wamalonda, Church Street, kukhala Rue Canada mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala. Mayi wa pa kauntala pamene tinagula khofi, atamva kuti tikuchokera tsidya lija, anafunsa ngati anthu akadali okwiya. Akuti Loweruka ndi Lamulungu theka la makasitomala ake ankakhala a ku Quebec, chaka chino wachepetsa maola a antchito awiri.

Alamu anamuuza kuti palibe anatinyoza ngakhale mmodzi, anatithandiza, anatidyetsa, koma asawayembekezere msanga. Anamufotokozeranso za mayi amene anati mukauze phungu wanu. Wa pa kauntala anati aphungu a ku Vermont akudziwa kale, vuto ndi a kwanuko ku Indiana. Alamu anandipempha cholembera.

Kutsogoloku kuli New York yense, Pennsylvania pang'ono, Ohio, kenako kwathu. Tigona cha ku Syracuse ngati msana ulola. Lachiwiri m'mawa ndili pa shifiti, ndipo ndiyenera kuimbira amayi kuwafotokozera za ulendo wawo uja.